Lachitatu N'layani?

Pachitseko cha firiji pali kalendala
yomwe tinagawana ndi mapensulo awiri:
sabata yofiira n'njanga, yobiriwira n'nja Dikeledi.
Zaka ziwiri yatisunga osatukwanana.
Koma Zaithwa wayamba sukulu,
Dikeledi wasamukira ku Roodepoort,
ndipo sukuluyo ili kuseri kwa mpanda wake.

Sabata yanga imayamba folo koloko m'bandakucha.
Ndimamuveka yunifolomu ali m'tulo,
mikono ili lendelende ngati chidole cha nsanza.
Takisi ya ku Rosettenville mpaka ku Bree,
mzere, utsi, ina ya ku Bree mpaka uko,
chisanu cha Juni chikutafuna makutu.
Dzana anagonera paphewa la bambo wachilendo,
dovu n'kunyowetsa jekete la eni ake.
Bamboyo anangoti, musiyeni mama, watopa.
Mawuwo anandimatirira ngati chisoso pachitenje.
Ndinaluka mitu isanu ku saluni
ndikuwathothola, osatha.

Kwa mkhalapakati, m'tauni, nsanjika yachisanu,
mlembi wa pakhomo anakweza maso pafomu:
mayi wake weniweni ndi uti?
Tonse, anatero Dikeledi, ine ndisanayasamule.
Ndinayang'ana pansi kuti asaone kuti ndathokoza.
Iye anamubereka kuchipatala, usiku wa matalala.
Ine ndinamubereka kumsana zaka zitatu.
Chinenero changa chili ndi liwu limodzi pa zonsezi;
fomu ndi imene imafuna mabokosi.

Ndinabwera ndi pepala m'chikwama,
milandu yolemba manambala:
chipewa chomwe chinatayika kwa iye,
dzino lomwe linaguluka ine osauzidwa,
mkazi watsopano uja amene amamupatsa tchipisi usiku.
Ndinabwera kudzalimbira theka langa
ngati munda wa malire.
Mkhalapakati anangofunsa: mwanayo amadzuka nthawi yanji?
Pepala lija silinatuluke.

Kenaka Disembala.
Ndinati ndikufuna kalata yoti ndipite naye ku Ntcheu,
akaone kumene kunagwera mchombo wanga.
Dikeledi anazunguza mphete ya makiyi pachala.
Amayi ako mpaka lero amanditcha
mnzako wogawana naye lendi uja.
Basi ikadutsa pa Mwanza
ukamuuza kuti abise ndani, ine kapena iwe?
Pawindo nkhunda zinkakanganirana chipapati cha buledi.
Ndinaziwerenga. Zinali zisanu ndi imodzi.
Yankho ndinalibe.

Tinasayina chonchi:
masiku a sukulu kwa iye,
Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu kwa ine,
katatu pamwezi, ndi tchuthi cha Pasaka chonse.
Pa Disembala tinasiya poyera.
Mu lifiti tinaima ngati anthu ochokera kumaliro amodzi,
aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kulira.

Madzulo ndinamufotokozera Zaithwa ndi mapensulo aja.
Anatsata mabokosi ndi chala, milomo ikuwerenga.
Nanga Lachitatu n'layani?
N'la Mme, ndinatero.
Ndiye azindiluka ndani? Mme amakoka.

Sindinaliganizire Lachitatu.
Loya sanaliganizire, mkhalapakati sanaliganizire,
tsiku lomwe amakhala pakati pa mawondo anga
ndikumugawa tsitsi ndi chipeso cha mchira,
iye akundiuza amene wamenya mnzake m'kalasi
m'zinenero zitatu zosakaniza.

Lero ndi Lachitatu loyamba.
Nyumba ili zii, mswachi wake wauma m'kapu.
Seveni koloko foni yalira, nkhope ziwiri pagalasi,
mizere yokhota ngati ya mlimi woledzera.
Palesa, akutero Dikeledi,
kuitana mwanayo ndi dzina la kwawo, khala bwino,
kenaka kwa ine, osandiyang'ana: ndiyambire pati?

Ndaimika foni pa botolo la mafuta.
Nyowetsa kaye, ndikutero.
Gawa patatu. Ayi, pang'ono pang'ono.
Chapakati chisachoke m'dzanja.
Usakoke, Dikeledi.
Akati ukupweteka, masula, uyambirenso.