Mphindi Zitatu

Sutikesi ndinabwereka kwa Esitere wa ku Sadzi,
ya zipi yoluma, yofuna kupaka kandulo kuti iyende.
Jekete ndinatola pa kaunjika ku Mpondabwino;
mwini wake woyamba anaiwala tikiti m'thumba,
ya basi ya mzinda umene sindiudziwa.

Usiku woti ndinyamuka mawa
anabwera mmodzimmodzi, osati kudzatsazika,
kudzandisenzetsa.
Asiyatu anati: ukanene za munda wa ku Jali,
uja tinagula ndi malemu ndi ndalama za matemba,
kuti dothi la pamanda lisanaume
alamu anga anali atakhoma kale zikhomo m'malire.
Felesiya, amene khosi linafupika
ndi mitengo ya paini yotsika nayo ku Chawe,
anati: ukawafunse ngati kwawoko nkhuni zili ndi miyendo.
Mwana wa Abiti Mponda sanatsegule pakamwa,
anangondipatsira yunifomu ya fomu 2
imene yasiya kumukwana pamimba.

Pokwera ndege anayeza sutikesi yokha.
Makilo khumi ndi anayi, anati, pitani.

Holo yake ungalowetsemo msika wa Zomba wonse
ndi kutsala malo a minibasi.
Mbendera ndandanda ngati zovala pachingwe.
Anandipachika dzina pachifuwa, chilembo chimodzi atalakwitsa,
nanditseka makutu ndi timakina
mmene mayi wina wosaoneka
ankasita zilankhulo zonse mpaka makwinya kutha.
Tsiku lachiwiri lonse tinalimbana ndi chiganizo chimodzi,
kuti chinene "ayenera" kapena "angathe".
Ndinaseka chamumtima. Kenako ndinaleka:
pakati pa mawu awiriwo
m'pamene pagona munda wa Asiyatu.

Tsiku lachinayi anandipatsa mphindi zitatu,
patsogolo panga kanyali kobiriwira.
Yoyamba inathera kuthokoza apampando, monga anatilangiza.
Yachiwiri ndinawerenga manambala,
atsikana angati pa zana lililonse, amasiye angati.
Yachitatu ndinapinda pepala
ndi kuyamba: kuli mayi wina ku Jali...
Kanyali kanafiira.
Maikolofoni inazima ndili pa liwu loti zikhomo.
Anaomba m'manja mwaulemu,
mvula yowaza padenga la eni.

Koma kuchimbudzi, ndikusamba m'manja,
mayi wamfupi wa mpango wachikasu anandigwira pamkono,
Chizungu chake chotsimphina ngati changa.
Anati: maliza.
Ndinamaliza pomwepo, mpopi ukutaya madzi,
iye akugwedeza mutu.
Kwathu sakhoma zikhomo, anatero,
amangosintha loko wa chitseko ukadali kumanda.
Tinalemberana manambala pa tishu.

Lero ndatsika padepoti,
phiri lafunda chifunga chake cha masiku onse,
Likangala akununkha monga ndinamusiyira.
Anyamata a kabaza akuti bwana, bwana,
poona chikwama cha msonkhano paphewa.
Asiyatu wandidikira pakhonde la telala.
Za ndege sanafunse, za chakudya cha kumeneko ayi.
Wati: unanena?

Ndati: ndinayamba.

Watenga chikalata cha masamba makumi anayi,
wachiyeza m'dzanja ngati mlamba wa ku Kachulu.
Ndiye chikuti chiyani?
Ndatsegula ndime 17, chala chikunjenjemera pang'ono.
Apa tinapambana, ndati, palembedwa "ayenera".
Ayenera ndani? wafunsa.
Alamu anga sawerenga Chizungu.

Lolemba tikwera limodzi mtunda wa kukhoti,
iye ndi risiti ya munda yothimbirira ndi utsi,
ine ndi ndime yanga.
Kumeneko kulibe kanyali kofiira.
Kuli benchi, kudikira,
ndi kalaliki wopita kunkhomaliro dzuwa lisanafike paliwombo.
Akalankhule yekha, ine ndikangokhala pambali pake,
atenge mphindi zonse zimene angafune.

Yunifomu ija ikadali pansi pa sutikesi.
Yaoloka nyanja kawiri, sindinaitulutse.
Sindikudziwa chomwe ndikamuuze mwanayo,
ndipo Esitere akufuna sutikesi yake Lachitatu.