Kamluzu

Kuno ku El Alto mpweya sukwanira aliyense.
Mlendo akatsika basi amayamba wakhala pansi,
agalu amauwa kawiri n'kupumira.
Ndiye minibasi ya bambo itayamba kunjenjemera pa maloboti,
kuzima yokha pakati pa msewu anthu ali tho,
iwo anati ndi ukalamba basi.
Koma ine ndinamva kamluzu.

Kanali pansi pa mpando wa dalaivala,
kamluzu ka munthu wosowa dzino lakutsogolo.
Ndinatukula mpando, ndinayendetsa chala,
ndipo nawo mng'alu pa manifolodi, woonda ngati tsitsi,
ukulowetsa mpweya wakuba umene palibe anauwerenga.

Lachinayi kumsika,
mayi Eulogia Tarqui anayala zitsulo zawo pa lona,
kachipewa kali nenene pamutu ngati sikadziwa mphepo.
Anandipatsa manifolodi yokulunga m'nyuzi.
Yachoka pa galimoto imene inagwera kuphompho ku Yungas, anatero,
mapapo ake okha ndiwo anapulumuka.
Tinanenerera mpaka tiyi wawo anazizira.
Gasiketi anandiikira ya basera.

Mabawuti ndinawasanja pa katoni,
lililonse pa dzenje lake, kuti mawa lisakane kwawo.
Lachisanu ndi chimodzi linathyokera m'kati.
Ndinatukwana mawu amene mayi anga sanandiphunzitse,
ndipo bambo, ali pa chitini cha penti,
masamba a koka atatupitsa tsaya,
anangosendeza tochi kufupi.
Maola awiri pa kachitsulo kosaposa chala cha nkombaphala.

Makomo anayi a injini ali yasa.
Ndinawatseka ndi nsanza za siketi yakale,
pakuti nati imodzi ikagweramo, maliro.
Gasiketi yakale ndinaipala ndi lezala
pang'onopang'ono, ngati ndikumeta wodwala.
Zala sizinalinso zanga. Matalala anayamba kugogoda malata.

Kenako ma injekita.
Ndinawaimika m'mabotolo anayi a jamu,
Casimira, usasute fodya, bambo akuseka,
ngati ndinasutapo.
Woyamba anapopera nkhungu yosalala.
Wachiwiri chimodzimodzi, mopendekera pang'ono.
Wachinayi anayamba wakhosomola.
Wachitatu sanapopere n'komwe,
ankangodontha, do, do, ngati mpopi wa kusukulu,
petulo wa ndalama zathu
miyezi yonseyi akutuluka kumbuyo ali utsi wakuda.

Ndalama zinakwana mmodzi yekha watsopano.
Atatuwo ndinawaviika, ndinawatsuka,
ndinawaveka timphete ta labala tatsopano
n'kuwapempha kuti apirire mpaka Kanivale.

Bambo anagwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
mu mgodi wa ku Huanuni.
Sakamba za kumeneko.
Amangoti fumbi la mwala silibwerera njira imene linalowera.
Usiku timawerenga kutsokomola kwawo kudutsa khoma,
ine ndi mng'ono wanga Nélida, osauzana.

Pomanga umayambira pakati kupita kunja,
pang'ono uku, pang'ono uko,
usakondere bawuti limodzi, chitsulo chimasunga mangawa.
Nsanza zonse zinayi ndinaziwerenga kawiri zili m'manja.
Mapaipi, mawaya, kachingwe kaja ndimakaiwala nthawi zonse.

Kiyi.
Inakoka, inakoka, inalavula,
kenako inagwira,
ndipo galasi la m'mbali, lomwe lakhala likuvina chaka chathunthu,
linaima n'kundionetsa nkhope yanga ya girisi.

Bambo anagunditsa sikuludiraiva pa injini,
chogwirira chake pakhutu, maso ali tsinzi.
Wachinayi akuchedwa pang'ono, anatero.
Akuchedwadi.
Anathira kachaso pang'ono pa tayala lakutsogolo,
otsalawo anameza.

Ndinazimitsa injini, ndinayamba kutola masipanala.
Matalala anali atasiya.
M'garaja monse munali zii,
koma kamluzu kaja ndinakamvabe,
kakang'ono, kolowa ndi kutuluka,
kuchokera pa chitini cha penti.

Mawa tinyamuka faifi koloko, anatero,
ukaitanire ndiwe, mawu anga sakufikanso patali.
Ndinapukuta sipanala ya thwelofu nthawi yaitali,
ngakhale inali itayera kale.