Malikisi Atatu

Lachinayi, dzuwa la ku Salima likukazinga malata,
aphunzitsi a Kachigamba analemba pabolodi
ndakatulo ya buluku la mwendo umodzi waufupi,
ija inatuluka m'kanyuzipepala ka pasukulu
yopanda dzina la mwini wake:

"Mwendo wamanja wafika kale ku Chipoka,
wamanzere ukadali pa Kaphatenga, ukudikira basi."

Kalasi yonse inafa nako kuseka.
Aphunzitsi anamenya desiki:
Kuseka n'kwaulere, mayeso amafuna tanthauzo.
Kumbani!

Tinakumba ngati osaka mbewa m'chilimwe.
Sautso anati buluku ndi dziko,
mwendo waufupi ndi ife alimi a thonje.
Aphunzitsi anadumpha: Chiphiphiritso chimenecho!
Ndaziona anati ndi banja la mitala,
wina amadya mnofu wa nsomba, wina minga.
Nayenso tinamuwombera m'manja.

Ine ndinalemba zomwe ndinaona.
Bulukulo ndi la a Mkwichi a pachigayo,
lakhaki, nsalu yake anachita kukongola.
Analisoka ndi bambo anga
pakhonde la golosale, moyang'anana ndi msika.
Chaka chimenecho ulusi unayamba kuphonya singano,
ankandiitana kuti ndiwalowetsere,
ati zala zanga n'zazing'ono.
Tepi ankayiyandikiza pamphuno ngati akuinunkhiza.
A Mkwichi anatukwana mpaka ogulitsa usipa anaimirira.
Madzulo bambo anati nditenge kope,
iwo akunena, ine ndikulemba,
akuseka mpaka misozi,
amayi ali duu, akupeta mpunga wopeta kale.

Pepala linabwera ndi inki yofiira,
malikisi atatu pa khumi:
"Sunazame. Wolemba sankanena za buluku lenileni."

Ndinapita nalo kunyumba.
Makina aja tsopano anafunda chitenje,
pamwamba pake timaikapo nyali.
Ndinawawerengera bambo zonse,
iwo atayang'ana komwe kukuchokera mawu anga.
Anati: Tabwereza za thonje zija.
Ndinabwereza.
Anagwira nthiti, kuseka mpaka kutsamwa:
Kani ndine wozama chonchi?
Ukawauze aphunzitsi ako kuti akhoza,
koma asakawatsine khutu a Mkwichi kuti akuvala dziko,
angabwere kudzafuna msonkho.

Kenaka dzanja lawo linapapasa m'malere
kufuna mutu wanga.
Linaphonya, n'kupeza phewa,
n'kukhazikika pomwepo.