Dzenje Lomwe Silinali pa Mapu

Anandilemba ganyu chifukwa cha mapewa,
osati chifukwa cha zomwe ndikudziwa.
Mayi Nasibeko, a chipewa choyera ndi magolovesi abuluu,
anakhoma zikhomo zofiira khumi ndi ziwiri
m'depoti yakale ya malole, kuseri kwa chigayo cha Che Mdoka,
nati: bowola apa.

Ndinabowola.

Mita yoyamba, mchenga wa Mangochi, wotuwa, wotentha,
zitsekerero za mabotolo, msomali wadzimbiri.
Mita yachiwiri, dongo lonata longa lowumbira mbiya.
Pa yachitatu chitsulo chinatuluka chikunyezimira,
dothi lakuda bii, loterera ngati chiwindi,
ndipo fungo linadzuka
ngati munthu amene wamva dzina lake likutchulidwa.

Dizilo.

Kamakina ka m'manja mwawo kanalira tswii, tswii,
iwo nalemba manambala ataluma mlomo.
Ine sindinafune makina.
Mphuno yanga inagwira ntchito pano zaka zisanu ndi zinayi.

Amatapa dothi ndi kasupuni, kuthira m'timabotolo,
kulemba tsiku, kuya kwake, nambala ya dzenje,
kuika m'bokosi la ayezi ngati katemera wa ana,
ati lipite ku Blantyre likayankhe mafunso.
Dothi lakwathu kukwera galimoto yozizira m'kati
mwini wakene ndisanaikwerepo.

Masana anayala mapu pa boneti.
Madzi apansi, anatero, nawonso ali paulendo,
pang'onopang'ono, kutsetserekera ku Shire,
ndipo chomwe akumana nacho m'njira amachibereka kumsana.
Chala chawo chinatsata mzere,
kudutsa mpanda, kudutsa msikiti,
n'kuima pa kadontho.

Kadonthoko ndi chitsime cha kwa Abiti Saizi,
pomwe Asiyatu wanga amatunga m'bandakucha
madzi a phala la mdzukulu,
madzi omwe ndimasamba kumaso ndi m'mapazi ndisanaswali.

Mwezi wathawu anati tiyi akumveka palafini.
Ndinamukalipira kuti satsuka ketulo.

Nanga zotsuka m'mathanki ankataya kuti? anafunsa mayiwo.
Mapepala a kampani chinadya chiswe,
bwana anapita kalekale,
chikwangwani chake pano ndi chitseko cha khola la mbuzi.
Anyamata anzanga anangopukusa mitu. Ngobadwa dzulo.

Ine ndinayang'ana mtengo wa nimu.
Zikhomo zonse zinali zitaulambalala.
Patsinde pakepo ndi pomwe tinkakhuthula
Loweruka lililonse, madiramu awiri, mwina atatu,
kapitawo Lipenga akuti fulumirani, mchenga umamwa zonse.
Unkamwadi.
Pofika Lolemba pamakhala pouma gwa,
ife n'kumaseka kuti nthaka ya kuno ndi chidakwa.
Palibe anafunsa kuti chidakwacho chimakasanzira kuti.

Malovu anandiuma.
Ndikanena, kodi sandilemba m'buku lomwelo la manambala?
Ndikakhala chete, timabotolo tipita ndi theka la nkhani,
ndipo mvula ya Disembala idzakankha chotsalacho
mpaka m'chidebe cha mwana wanga.

Ndinatenga chikhomo chotsala m'thumba, osapempha,
n'kuyenda mapazi makumi atatu,
n'kuchikhoma ndi chidendene pakati pa mizu.
Mayi Nasibeko anandiyang'ana nthawi yaitali.
Sanafunse kanthu.
Anatsegula tsamba latsopano
nalemba: dzenje lachikhumi ndi chitatu.

Pamenepo sitinafike ndi pa mita yachiwiri pomwe.
Mnyamata mmodzi anaphimba mphuno ndi malaya.

Poweruka ndinabwereka njinga ndi zigubu ziwiri
kukatunga ku mpopi wa kusukulu, ulendo wa ola lathunthu.
Asiyatu anafunsa chavuta n'chiyani.
Ndinati zotsatira zibwera pakatha masabata atatu,
pakadali pano uuzenso a Abiti Saizi,
uuzenso onse a pa mzere wa m'mawa.

Ndinasamba m'manja katatu ndi sopo wamtanda,
koma podya
Loweruka lija linali likadali m'zikhadabo.