Chenji cha Lachiwiri

Ndinabadwa ndi milomo yabuluu,
ngati mwana amene watafuna cholembera, ankatero mayi.
Ndili ndi zaka zinayi ananditengera ku Santiago,
anatsegula chifuwa, anasoka bowo, anakuza njira yopita kumapapo,
kenaka anauza bambo kuti, "Wachira, mutengeni."
Tinakhulupirira mawu amenewo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.

Lachiwiri lija ndinali pantchito ku Valparaíso,
pachikepe chokweza anthu kuchoka kudoko kukafika pamwamba pa phiri.
Sindinathamange. Sindinapse mtima.
Ndinkangobweza chenji kwa mayi wina
wonyamula nsomba zokulunga m'nyuzipepala,
basi mtima unangoyamba wokha liwiro,
phiriphiri, ngati njiwa yotsekeredwa m'katoni.
Wotchi yapamkono inawerenga 190.
Ndalama zachitsulo zinamwazika pansi,
ndinazimva ngati zikugwa m'nyumba ya eni.

Dokotala Ulloa, wamng'ono kuposa chipsera changa,
anajambula mtima kuseri kwa envelopu.
"Pomwe anasokapo panatsala chipsera mkati.
Magetsi a mtima akafika apa amasokera,
amangozungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake."

Ndinafuna wina woti ndimukwiyire. Ndani?
Amene anandisoka anagona kalekale,
ndipo ndi manja ake omwewo
anandipatsa Herminia, ngongole ya nyumba,
mwana wamkazi wosamva, ndi imvi izi.

Analowetsa kawaya pamphechepeche,
kanakwera ndi mtsempha mpaka m'chipinda chosokedwacho.
Maola asanu akusakasaka, akuwotcha tinjira tosocheretsa.
Sanalonjeze kanthu.
"Nthawi zina zimabwerera," anatero akuvula magolovesi.

Kwathu masitepe alipo zana ndi makumi asanu ndi limodzi.
Kale sindinkawawerenga.
Tsopano ndimaima pakhoma lojambulidwa nangumi,
zala ziwiri pakhosi, ngati ndikukonza kolala,
anansi n'kumaganiza kuti ndikuonera zombo.

Usiku Herminia amatsamira khutu pachifuwa changa
nkumanamizira kugona.
Ndimamva milomo yake ikuwerenga.
Inenso ndimanamizira.
Pansi apo doko likulira ndi unyolo wake,
ndipo mtima, wakhanda wa zaka makumi anayi ndi chimodzi,
lero ukuyenda wapansi.

Mayi wansomba uja anabweranso Lachisanu.
Akuti ndinamupatsa chenji chopitirira.