Mzati wa Tuppence

Bambo Entwistle atamwalira,
ana awo anatenga wotchi, wailesi ndi makiyi a nyumba.
Ine amene ndinawasambitsa miyezi khumi ndi inayi
anandipatsa mphaka m'dengu la pulasitiki
ndi chimzati chake chokandapo,
ulusi uli nyankhalala ngati ndevu za chimanga.
Ndinachita nacho manyazi m'basi ya ku Bolton.

Kwathu ku Chiradzulu mphaka amakanda mtengo wa mango
osapempha munthu.
Kuno umamugulira mtengo wakewake, risiti n'kusunga.

Loweruka, kamvula kakuno kakuwaza,
kaja kosadzaza ndowa koma kolowa m'mafupa,
ndinalowa m'sitolo ya ziweto.
Mizati ili ndandanda.
Wina wamfupi wovala kapeti, wina wa katoni,
wina wa nsanjika zitatu ndi kabelu pamwamba,
ndalama zake kuposa malipiro anga a usiku wonse.
Mnyamata wa ndolo pamphuno anati:
"Tengani wautali, aziwongola msana wonse.
Tsinde likhale lolemera;
mphaka akagwa nawo kamodzi, sabwererako.
Wa kapetiwo usiyeni, angayese kapeti aliyense ndi wake."
Ndinaukankha uliwonse ndi chala
monga poyesa dzino logwedera,
ndipo ndinasiya mapaundi makumi atatu ndi awiri.

Tuppence anaununkhiza kamodzi,
nandiyang'ana monga ankachitira mbuye wake
tiyi akachepa shuga,
napita kukang'amba sofa ya eni nyumba
momwe mwagona dipoziti yanga.

Masiku asanu tikukokana.
Lachisanu ndi chimodzi ndinatuluka ndi patapata
kukautola wakale uja kuseri kwa bini.

Mpeni, pulayala, nyuzipepala pansi.
Chingwe chinasomphoka ndi fumbi la zaka,
ubweya, ndi timakoko ta zikhadabo
topindika ngati mwezi wongooneka kumene.
Thabwa litatsala lamaliseche ndinaona pensulo:
Epulo 2011.
Juni 2014.
Okutobala 2017.
Masiku onse amene mkuluyo anaukonza,
zilembo zoyamba zowongoka ngati asilikali,
zomaliza zikunjenjemera, zikutsetsereka,
dzanja lomwe lija ndinkalithandiza kugwira supuni.
Ndinakhala pansi pa khitchini,
ketulo n'kuwira n'kudzizimitsa yokha.

Chingwe chatsopano nditachimasula m'pepala lake,
mphuno inayamba kuzindikira maso asanaone:
khonje!
Yemwe uja amalume a Chikaonda ankapala pamwala
n'kupota pantchafu, womangira mbuzi zawo zosamva.
Wawoloka nyanja zingati iwe
kudzakandidwa ndi mphaka wa mzungu?
Inenso usandifunse.

Zikhatho zinakumbukira zokha.
Kuyambira pansi, kukoka mpaka zala kuyera,
kuzunguliza, kukoka, kuzunguliza,
mizere isanu, hamala pang'ono kuti ithinane,
pasatsale mpata wolowa chikhadabo.
Guluu wongodontheza, wosanunkha.
Msomali mutu wake ubisale mkati
ungadzang'ambe phazi la mwini wake.
Khonje anandisiyira matuza awiri, sindinadandaule.

Ndisanaphimbe thabwa lonse
ndinafuna pensulo m'chikwama cha kuntchito.
Pansi pa dzanja lawo ndinalemba langa:
Novembala, Esinta Nangondo.
Pamwamba penipeni sindinadule chingwe chakale.
Ndinasiya kachigawo kofanana ndi chikhatho,
kakuda, konona, pomwe amakhuza tsaya,
pomwe mwina pakadali fungo la fodya wa m'kaliwo.

Sanabwere tsiku limenelo.
Mphaka sathokoza anthu akuona.

Koma m'mamawa, ndikuchokera ku shifiti ya usiku,
kiyi ali pachitseko, nsapato zodzaza madzi,
ndinamva mkati: khwa, khwa, khwa,
ngati wina akupala moto m'nyumba yozizira.
Ndinaima pakhonde osatsegula,
ndingamudule pakati.

Wa mapaundi makumi atatu ndi awiri uja
uli pafupi ndi chitseko mpaka lero.
Mnyamata sananame, tsinde lake ndi lolimba:
ndimakolekapo yunifolomu.