Dzina Lobwereka

Magetsi abwera teni koloko usiku, mwa chizolowezi chawo.
Mufakose yense yadzuka kusita ndi kutchaja mafoni,
ine ndatsegula laputopu pa bolodi yositirapo,
ndikugogoda pa khomo la seva ili ku Msasa,
kutsidya kwa tauni, osalipira kombi.

Yanditsegulira. Koma yatuwa.
Zilembo zonse mbuu, ngati miyendo ya mwana m'mwezi wa Julayi.
Dzulo cholakwika chinkabwera chofiira,
chabwino chobiriwira, mafoda a buluu.
Lero maliro ndi ukwati avala nsalu imodzi.
Kutsogolo kwa mzere uliwonse kwamera tizinyalala,
0;31m, 0;32m,
penti wafika, zitini zili pakhonde,
wopaka ndiye palibe.

Ndikati ndifufute, batani likubala ^H^H^H.
Ndikakulitsa windo, mzere ukuthyoka pakati
n'kudzipondereza wokha.

Ndamulembera Nyaradzai: wagwira chiyani masana?
Wayankha m'Chishona chake kuti sanagwire kanthu,
n'kuwonjezera kankhope kogona.
Ndasanthula mafayilo obisika, a kadontho kutsogolo aja,
mzere ndi mzere, ngati wotaya dola m'basi.
Ndatuluka, ndalowanso. Ndatuluka, ndalowanso.
Tiyi wazizira kawiri.

Kenaka ndafunsa chimene ndinayenera kuyambira:
iwe, ukundiona ngati ndani?
echo $TERM
Yatchula dzina la pulogalamu yatsopano yomwe ndinaika Lachiwiri,
dzina lomwe m'kaundula wake mulibe.
Mlendo wosadziwika sapatsidwa mbale za maluwa.

Ndaseka ndekha mpaka galu wa aneba wauwa.
Bambo anga anaima tsiku lathunthu pa mzere wa ziphaso,
nati, Chimphamba.
Kalaliki anakanda m'mutu ndi bolopeni,
nalemba Chipamba.
Iwo anapinda pepalalo, naika m'thumba la shati.
Analandira nalo malipiro ku njanji zaka makumi atatu,
ndipo lili pa mwala wawo ku Granville,
zilembo ziwiri zikusowabe.

Nanenso ndatero.
export TERM=xterm-256color
Ndabwereka dzina limene wapachipata amalidziwa.

Ndipo taonani, utoto uja wakhuthuka!
Buluu wabwerera m'mafoda,
chikasu chatera pa machenjezo ngati mpheta pa waya,
ndipo pansi penipeni, pomwe maso anga anadutsa kasanu,
mzere umodzi psuu:
disiki yadzaza, malo atsala pang'onong'ono.
Yakhala ikukuwa chimasanire
ndi mawu ofanana ndi moni.

Ndafufuta malogi akale, ndaipatsa mpweya.
Mawa ndidzalemba dzina langa lenileni m'kaundula wake,
ndi lamulo limodzi chabe, ndikulidziwa.
Ndinanenanso choncho za pepala la bambo.

Folo koloko, firiji yatsokomola, yakhala chete.
Mufakose yabwerera mumdima.
Batire ili pa naini peresenti,
ndipo m'chipinda monse chowala n'chimodzi,
kamzere kobiriwira kakuphethira,
kudikira ndinene kanthu.